Jekete la Mfumu ya Afalansa

Yusufu anali telala asanakhale mlonda. Kwawo ku Namwera anali ndi makina opalasa ndi phazi pakhonde la golosale ina, ndipo kwa zaka zambiri akwati a m'deralo, ana a sukulu ngakhalenso mashehe ankavala zotuluka m'manja mwake. Kenako kaunjika anasefukira pamsika, moti munthu ankatha kuvala kuyambira kumutu mpaka kumapazi osaonana ndi telala. Makina anayamba kugona, ntchito n'kungotsala yopinda mathalauza ndi kuika zigamba. Choncho kutabwera anthu olemba alonda opita ku Qatar, Yusufu anaphimba makina ake ndi chitenje, n'kutsanzikana ndi mkazi wake Rukia ndi ana, ulendo wa ku Doha.

Kampani inamuika pageti la sukulu ina ya ana a Afalansa. Ntchito yake sinali yothyola msana: kutsegula geti m'mawa, kuona makadi a makolo, kuimitsa magalimoto ana akamadutsa, kenako kukhala m'kanyumba ka alonda kudikira kuti dzuwa lipendeke. Mnzake wa pagetipo anali Geofrey, mwamuna wa ku Chipata wosatopa ndi kuyankhula, amenenso ankagona naye chipinda chimodzi m'dera la Umm Ghuwailina pamodzi ndi anthu ena.

Tsiku lina masana, m'chaka cha 2016 kutentha kutangoyamba kukhwima, thumba la malaya a yunifolomu ya Geofrey linakodwa pachitsulo cha geti n'kung'ambika. Yusufu anasolola singano yomwe ankaisomeka m'kati mwa chipewa chake, n'kumuuza mnzakeyo kuti avule malayawo. Ali mkati mosoka, pawindo la kanyumbako panaima Madamu Bossard, mphunzitsi wa mbiri yakale, mayi wamfupi waimvi amene ankayenda ngati wasiya mphika pamoto. Anafuna kufunsa za katundu wina amene ankamudikira, koma anangoima n'kumayang'ana zala za Yusufu.

"Kodi mumatha kusoka ndi makina?" anafunsa m'Chingerezi, chomwe onse awiri ankachiyankhula mokokakoka.

"Ndi ntchito yomwe ndinakulira, Madamu."

Mayiyo anapumira m'mwamba n'kufotokoza vuto lawo. Ana a kalasi yawo ankakonzekera sewero la kutha kwa chaka, lonena za m'mene anthu a ku Falansa anagwetsera ufumu wawo. Nsalu anagula kale n'kukazisiya kwa telala wina ku Al Doha Al Jadeeda, koma telalayo anaitanidwa kwawo ku maliro a bambo ake, ndipo sankadziwika kuti abwera liti. Nsalu zinali m'makatoni, zina zodula theka.

Yusufu anati ayambe wafunsa kwa akuluakulu, chifukwa kontirakiti yake inali ya ulonda basi. Supavaiza wawo, Wickson wa ku Dedza, anamvetsera nkhaniyo akukanda chibwano.

"Achimwene, Lachisanu ndi tsiku lanu," anatero. "Mukafuna kugona, gonani. Mukafuna kupalasa makina, ine sindinaone. Koma Loweruka m'mawa ndikupezeni pageti maso ali gwa."

Lachisanu lotsatira, atatuluka mumzikiti, Yusufu anakwera basi kupita ku Al Doha Al Jadeeda. Shopu imene telala uja ankagwirako ntchito inali yopapatiza, pakati pa sitolo ya mafoni ndi malo ometera. Mwini wake, mdala wina wa ku Kerala m'dziko la India, anamuonetsa makina amagetsi ndi tebulo lodulira, iye n'kukakhala pakhomo ndi kapu yake ya tiyi. Yusufu anagwira sizasi n'kuitsegula kangapo m'malere. Dzanja linakumbuka lokha.

Madamu anabwera ndi zithunzi zambiri, koma Yusufu ataziyang'ana anapukusa mutu.

"Sindingasokere munthu amene sindikumudziwa, Madamu. Uyu wavala chonchi chifukwa chiyani? Amagwira ntchito yanji? Amakhala pansi kapena amayenda?"

Mayiyo anakoka mpando, ndipo umu ndi momwe nkhani ya Afalansa inayambira kumulowa Yusufu, chovala ndi chovala.

Kalelo, anatero Madamu, anthu a m'dziko lawo anali ogawidwa patatu. Kunali ansembe, kunali a m'mabanja a ulemu amene ankabadwa ali kale ndi minda ndi maudindo, ndiye kunali ena onse: alimi, amisiri, ogulitsa pamsika, madokotala ndi maloya omwe. Gulu lachitatuli ndi lomwe linkasenza misonkho. Pofika chaka cha 1789 boma linali litasauka, mbewu zitakanika, buledi atakwera mtengo moti mayi ankaima pamzere tsiku lonse n'kubwerera chimanjamanja. Mfumu inaitanitsa nthumwi za magulu atatu aja kuti zithandize maganizo, koma nthumwi za gulu lachitatu zinati ife ndiye mtundu wonse, sitibalalika mpaka dziko likhale ndi malamulo olembedwa omanga aliyense, ndi mfumu yomwe.

Yusufu anatola chithunzi cha mwamuna wa tsitsi loyera lopotanapotana, atavala jekete lonyezimira, masokosi aatali ndi kabudula wofika m'mawondo.

"Uyu ndi wantchito wa kunyumba ya mfumu?"

"Ayi, ameneyo ndi bwana wamkulu. Olemera ndi amene ankavala akabudula. Anthu wamba ankavala mathalauza aatali, moti ankawanyoza kuti anthu opanda akabudula. Pambuyo pake dzinalo anayamba kulinyadira."

Yusufu anaseka mpaka mdala wa ku Kerala uja anasuzumira. Anawafotokozera Madamu kuti kwathu zinali zotembenuza: nthawi ya atsamunda, kabudula anali wa mesenjala, wa kuki ndi wa mwana wa sukulu, ndipo munthu akagula thalauza lake loyamba ankayenda nalo mudzi wonse kuti amuone. Madamu nawo anaseka, n'kunena kuti akawauza ana m'kalasi.

Tsiku limenelo anadula mathalauza a mizeremizere ndi tizipewa tofiira. Pamene ankayeza nsalu, Madamu anagwira tepi yake n'kuitembenuza.

"Inu mumayeza ndi mainchesi. Koma mbali inayi, ya masentimita, inachokera kwa anthu omwewa. Kale dera lililonse linali ndi muyezo wakewake, ndipo wosauka ankaberedwa pogula ndi pogulitsa pomwe. Iwo anati muyezo ukhale umodzi kwa aliyense."

Yusufu anaiyang'ana tepiyo kanthawi. Anali ataigwira kuyambira ali wophunzira ntchito, osaganizapo kuti manambala amenewo anali ndi eni ake.

Madzulo ake ku Umm Ghuwailina, akudya mpunga wa nyemba, anamufotokozera Geofrey zimene anamva. Sabata iliyonse zinkatero: Yusufu ankabwera ndi chigawo chatsopano, Geofrey n'kumachilandira ngati mpira wa pa wailesi. Anamva za ndende yaikulu ya mumzinda wa Paris imene anthu anaithyola, n'kupezamo akaidi ochepa chabe, koma n'kuigumula ndithu mwala ndi mwala. Anamva za amayi a pamsika amene anayenda mtunda wautali mvula ikuwagwa, mpaka kukafika kunyumba ya mfumu kukafunsa za buledi, ndipo pobwerera anabwera nayo mfumuyo mumzinda kuti izikhala pamaso pawo. Anamva kuti mfumu inayesa kuthawa itavala ngati wantchito, koma munthu wina panjira anaizindikira nkhope.

"Manje anaichita bwanji?" anafunsa Geofrey, supuni ili m'malere.

"Anaizenga mlandu. Kenako anaidula mutu."

"Zoona? Mfumu yonse? Aaa, aja sanali kusewera! Ni mwamene zifunikira, ba Yusufu. Munthu akakhuta maningi amaiwala anzake."

"Tsitsani mawu, amwene," anatero Yusufu akuyang'ana kukhomo. "Dziko lino lili ndi eni ake. Ife tikunena za Afalansa akalekale, basi."

"Halasi, basi, ndatseka pakamwa," anayankha Geofrey. Koma sipanatenge nthawi anafunsanso kuti nanga mkazi wa mfumu zinamuthera bwanji.

Funso limenelo Yusufu analipezera yankho Lachisanu lina pamene Madamu anatulutsa nsalu ziwiri za mfumukazi. Ina inali ya satini wobiriwira, yofunika malesi ndi mapindo ambirimbiri. Ina inali bafuta woyera wopanda kanthu. Yoyambayo, anatero Madamu, ndi ya masiku a madyerero. Yachiwiriyo ndi ya tsiku limene anamukweza pangolo kupita naye kokaphedwa, tsitsi atamumeta, ana ake atamulanda kale.

Yusufu anayala bafutayo patebulo n'kuusalaza ndi chikhatho. Nsalu yotere kwawo ankaigula pa maliro. Anadula mwakachetechete, ndipo Madamu sanamusokoneze.

Atatha kudula anayamba kukamba za kwawo. Anati iye anaphunzira utelala nthawi imene dziko linali la chipani chimodzi. Abwana ake ankasoka madiresi a amayi ovina, a nsalu yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, ndipo ankamuchenjeza kuti sizasi isadzayerekeze kudutsa pankhopeyo, chifukwa munthu ankatha kusowa pa nkhani ngati imeneyo. Kenako kunabwera riferendamu ya 1993, ndipo makina omwewo anayamba kusoka nsalu za mitundu ina. Lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza litachotsedwa, kunabwera nesi wina wa pachipatala kudzasoketsa thalauza. Abwana ake anachita manyazi kumuyeza, n'kumupatsa iyeyo tepi.

"Ndinamuyeza ndithu," anatero Yusufu. "Koma kwathu sitinadule munthu mutu. Tinangoponya mavoti."

"Munachita mwayi," anayankha Madamu. Kenako anati, "Makolo anga akalekale sanali kumbali ya anthu a mathalauza aatali. Anali alimi a kumadzulo kwa dziko, osauka ngati ena onse. Koma boma latsopano litawachotsera ansembe awo n'kuyamba kutenga ana awo kupita kunkhondo, iwo anaukira. Asilikali anabwera n'kutentha midzi. Kwathu mpaka lero kuli mabanja amene nkhani imeneyi saikamba mosangalala."

"Ndiye inu mukuphunzitsa ana kuti zinali zabwino kapena zoipa?"

"Ndimawauza zonse. Ndimawauza kuti analemba kuti anthu amabadwa aufulu ndi ofanana, ndipo mawu amenewo sanafufutike. Ndimawauzanso kuti patapita zaka zochepa anayamba kuphana okhaokha, aliyense kumuona mnzake ngati mdani, mpaka msilikali wina anatenga dziko n'kudziveka chisoti chachifumu. Akapolo a kuzilumba anawamasula, msilikali uja n'kudzawabwezeranso muukapolo. Mafumu anabwereranso, n'kuchotsedwanso. Zinatenga nthawi yaitali kuti zikhazikike. Koma ine ndine mwana wa mlimi, ndipo ndaphunzitsapo ana a nduna. Zimenezo kale sizikanatheka. Ndiye mundiuze inuyo, ndiyankhe bwanji?"

Yusufu anabwerera pa ntchito yake. Anaponda makina, bafuta uja n'kuyamba kuyenda pansi pa singano.

Zovala zambiri zitatha, kunatsala jekete la mfumu. Linali la veleveti wabuluu, lokhala ndi timaluwa tagolide, ndipo Yusufu analisiyira kumapeto dala kuti alisoke mtima uli m'malo. Woti adzalivale anali Bastien, mnyamata wamtali wa m'kalasi ya Madamu, amene anabwera kudzayezedwa akuseka ndi kutafuna chingamu. Atavala jeketelo lili ndi mapini, anadziyang'ana pagalasi, n'kutukula chibwano, kuseka konse kuja n'kutha.

Sabata yotsatira Madamu anafika kushopu mochedwa, nkhope ili yakugwa. Anakhala pampando osatulutsa kanthu m'chikwama. Mkulu wa sukulu, anatero, waona zokonzekera zawo ndipo wakana chigawo chomaliza. Ana anali atapanga chimakina chodulira mitu cha makatoni, chachitali kuposa chitseko, ndipo ankachinyadira kwambiri. Koma mkuluyo anati kudzabwera alendo a m'dziko muno, makolo a mitundu yosiyanasiyana ndi ana aang'ono, choncho sakufuna kuona mfumu ikudulidwa mutu pasiteji pake anthu akuombera m'manja.

"Sindikumuda," anatero Madamu. "Tili m'dziko la eni. Koma sewero la kugwa kwa mfumu lingathe bwanji mfumu isanagwe? Ana akhumudwa. Ena akuti angosiya."

Yusufu anali akusokerera kolala ndi manja. Anapitiriza kusoka, maso ali pa ulusi, mpaka anafika kumapeto n'kuluma ulusiwo.

"Paja munati pomuzenga mlandu sankamutchulanso kuti mfumu?"

"Eya. Ankamuitana ndi dzina lake ngati munthu wina aliyense. Onse anali nzika basi."

"Ndiye bwanji angomuvula?"

Madamu anamuyang'ana.

"Kwathu munthu akachotsedwa paudindo timati amuvula," anapitiriza Yusufu. "Aime pakati. Anthu aja abwere mmodzimmodzi, wina atenge chisoti, wina lamba, wina mkono wa jekete, mpaka atsale ndi malaya okha. Magazi palibe, koma aliyense adzamva."

"Jekete lingavulidwe mkono umodzi?"

"Likasokedwa kuti litero."

Madamu anaimirira n'kuyenda kufika pakhomo, n'kubwerera. Anati ayamba wakambirana ndi ana, chifukwa sewero ndi lawo. Lolemba masana anadutsa pageti akuthamanga monga mwa masiku onse, n'kungogogoda pawindo la kanyumba ka alonda ndi kukweza chala chachikulu.

Choncho Yusufu anasosola jekete limene anali atatsala pang'ono kulimaliza. Zinamuwawa kulowetsa kampeni m'misoko yomwe anaisoka mosamala chotero. Analigawa zidutswa: mikono payokha, kolala payokha, mbali ziwiri za kutsogolo, msana. Chidutswa chilichonse anachipinda bwino m'mphepete n'kuikamo mabatani othina obisika, kuti munthu akaliona patali aziti ndi jekete lathunthu, koma akakoka pamalo oyenera lizimasuka popanda kung'ambika. Mdala wa ku Kerala anasiya tiyi wake n'kubwera kudzaima pambali. Anayesa kukoka mkono umodzi, unamasuka, iye n'kupukusa mutu uku ndi uku monga amachitira akwawo akakhutira.

Tsiku la sewero linagwera pa shifiti ya Yusufu. Iye sanadandaule, anati adzamvera pageti pomwepo. Koma Geofrey, amene shifiti yake inatha masana, sanakwere basi ya kampani.

"Yala, fulumirani, pitani mukaone," anatero akumulanda kachipangizo ka m'manja koonera zikwama. "Ba Wickson nawauza kale. Koma mukaone bwino, chifukwa mudzanifotokozera zonse."

Yusufu analowa m'holo ali mu yunifolomu yake, n'kuima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Holo inali yodzaza. Kunali azungu, Aluya ovala mikanjo yoyera, amayi ovala mabaya, mikanjo yawo yakuda, ndi ana ang'onoang'ono okhala pansi kutsogolo. Sewero linali m'Chifalansa, ndipo iye sanamve ngakhale liwu limodzi, koma sanasochere. Anawadziwa onse ndi zovala zawo. Anaona ansembe akuda bii, mabwana a akabudula akugwadirana, amayi a pamsika atanyamula madengu opanda kanthu. Diresi lobiriwira la mfumukazi litatulukira, amayi ena m'holomo anang'ung'udza mosirira, ndipo Yusufu anaona kuti mpendero wake ukugwa bwino, sukukwekwereza pansi. Mtsikana wina anaimirira pabokosi n'kuwerenga mokweza mawu aja onena za ufulu, anzake a tizipewa tofiira akuvomera.

Kenako siteji inatsala ndi Bastien yekha, ataima pakati mu jekete labuluu, chisoti chili kumutu. Ng'oma imodzi inayamba kulira pang'onopang'ono. Kuchokera mbali zonse kunatuluka anthu a mathalauza aatali ndi amayi a madengu, n'kumuzungulira patali. Mayi mmodzi anayandikira n'kuchotsa chisoti. Mlimi anamasula lamba. Wina anagwira mkono wa jekete n'kukoka, mkonowo n'kutsala m'manja mwake.

Mwana wina kutsogolo anaseka, koma anaseka yekha. Mkono wachiwiri unapita, kolala inapita, timaluwa tagolide tinapita. Aliyense ankatenga chidutswa chake n'kubwerera m'malo mwake osayankhula. Pomaliza anamuvula nsapato. Mnyamata wamtali uja anatsala ndi malaya oyera, ali chosavala kumapazi, ndipo anaoneka wamng'ono ngati mwana amene wasochera pamsika. Wina anaitana dzina lake, dzina lokha lopanda ulemu uliwonse, iye n'kutembenuka. Mfumukazi inatuluka itavala bafuta uja n'kudzaima pambali pake. Ng'oma inasiya, magetsi n'kuzima.

Mumdimamo Yusufu anadabwa kuona kuti wawamvera chisoni anthu awiriwo, pamene masabata onsewa ankaganiza kuti ali kumbali ya amayi a madengu. Magetsi atayakanso, ana onse anali ataima mzere umodzi, wansembe pambali pa mlimi, bwana pambali pa wogulitsa nsomba, ndipo mtsikana uja ananena mawu ena ochepa omaliza. Apo m'pamene anthu anayamba kuomba m'manja, ena n'kuimirira.

Yusufu sanadikire kuti athe. Anatsegula chitseko mwakachetechete n'kubwerera kugeti, chifukwa ankadziwa kuti magalimoto ayamba kutuluka nthawi imodzi ndipo Geofrey sangathe yekha. Anali pakati pa msewu, dzanja lili m'mwamba kuimitsa galimoto, pamene Madamu anatulukira akumufunafuna.

"Ndinakuitanani pasiteji! Munali kuti?"

"Ntchito, Madamu."

Mayiyo anamugwira dzanja ndi manja awiri, pomwepo pakati pa magalimoto, mpaka wina anaimba hutala. Anati mkulu wa sukulu wayamikira, ndipo bambo wina wa m'dziko momwemo wafunsa kuti jekete lija linasokedwa bwanji. Bastien anadutsa pawindo la galimoto ya makolo ake akadali ndi malaya oyera aja, n'kumuchitira sailuti.

M'basi pobwerera, Geofrey anafuna kumva zonse, ndipo Yusufu anamufotokozera kuyambira pachiyambi. Atafika pa kuvula kuja, Geofrey anamudukiza.

"Ndiye sanamudule?"

"Sanamudule."

"Mmm. Koma mwina kuvula uko ndiye kunababa, kunawawa kupambana," anatero, n'kutsamira pawindo.

Sukulu inatsekera patangopita masiku ochepa. Madamu Bossard anali atafika pa msinkhu wopuma ntchito, ndipo ananyamuka kubwerera kwawo kumadzulo kwa Falansa. Zovala zija anazilongedza m'makatoni n'kuzisiya m'chipinda chosungira katundu kuti ana a zaka zina adzazigwiritse ntchito. Mdala wa ku Kerala anafuna kumutenga Yusufu kuti akhale telala wake, popeza uja wa ku maliro analembedwa ntchito ina kwawo, koma kampani ya alonda inakana kumumasula kontirakiti isanathe. Yusufu sanalimbane nazo. Mdalayo anangomuuza kuti Lachisanu lililonse makina ali pomwepo.

M'nyengo yotentha kwambiri, sukulu ili yotseka, Yusufu ndi Geofrey anawasamutsira kudera la Msheireb kukalondera nyumba ina yatsopano imene inali isanalowedwe. Kunali phee, fungo la penti lokhalokha. Tsiku lina akudya chamasana pamthunzi wa khonde, Geofrey anakhosomola kangapo, n'kuulula kuti kwawo akambirana, ndipo mu Disembala akupita ku Chipata kukakwatira Mwila, mtsikana amene ankamuimbira foni tsiku ndi tsiku.

"Suti sinifuna yogula," anatero. "Nifuna yosoka imwe."

"Ya mtundu wanji?"

"Yofiira. Yowala, kuti Chipata yonse ione."

Yusufu anaika pansi kapu yake ya madzi.

"Amwene, mukufuna apongozi akuthamangitseni musanakhale n'komwe pansi? Yofiira ayi. Titenge yotuwa, kapena yabuluu wakuda."

"Aaa, ba Yusufu, ukwati ni wanga!"

"Ukwati ndi wanu, koma dzina lotuluka pa suti ndi langa."

Anakangana mpaka nthawi ya chakudya inatha, ndipo anagwirizana kuti Lachisanu apitire limodzi kumsika wa nsalu, akaone kaye zimene ziliko.